Mayi ndi mwana wake akasemphana, sewero lisafulumire kuwatsegula pakamwa

Masewero afupiafupi amene adzaza pa Facebook, TikTok ndi YouTube ali ndi chizolowezi chimodzi akafika pa nkhani ya mayi ndi mwana wake wamwamuna: awiriwa amauzana zonse, ndipo amauzana msanga. Mphindi yoyamba isanathe, mayi amakhala atagwira kale m'chiuno, akuwerenga miyezi 9 imene anasenza mimba ndi fizi imene analipira pogulitsa mandasi. Mwana naye amakhala atabweza kale kuti watopa ndi kupemphedwa ndalama mwezi ndi mwezi. Pofika gawo lachiwiri palibe chotsala choti anene, ndiye wolemba amayamba kutolera zokometsera: sing'anga, chibwenzi chamseri, mwana wobadwira kunja kwa banja. Olemba athu ambiri sakhulupirira kuti owonera angamve chinthu chimene sichinatuluke pakamwa, chonsecho owonera omwewo akuchokera m'makomo momwe mayi ndi mwana amatha chaka chathunthu atasemphana, uku akupatsana moni bwinobwino m'mawa uliwonse.

Chizolowezichi chili ndi kochokera. MBC inayamba kuulutsa mawu mu 1964, ndipo wailesi yakanema ya dziko lino inabwera mu 1999. Kwa zaka 35 sewero lolowa m'nyumba za anthu linali la khutu lokha, ndipo pa wailesi munthu akakhala chete masekondi angapo womvera amayamba kugwedeza mabatire poganiza kuti atha. Zisudzo za m'maholo nazo zinkafuna mawu okweza ndi manja otambasula kuti wokhala kumbuyo amve nawo. Kenako panabwera masewero olipiridwa ndi mabungwe, a Edzi, a katemera, a chisankho, momwe uthenga umayenera kutchulidwa poyera kuti wopereka ndalama akhutire. Njira zitatu zonsezi zinatulutsa akatswiri enieni ndipo sindikuzinyoza. Koma foni yogwiridwa m'manja, nkhope ya munthu itadzaza sikirini yonse, imaonetsa ngakhale munthu akameza malovu. Kukuwira wowonera amene wakuyandikira chotero n'kutaya chida chimene uli nacho m'manja.

Taganizirani mmene zimakhalira pakhomo. Mwamuna wa zaka 30 sangaloze mayi ake chala. Anakula akumva kuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ndipo amaopa kuti mawu oipa onenera kholo amamutsata munthu moyo wake wonse. Mayi nawonso sanganene poyera kuti mwana wawakhumudwitsa ngati mwana yemweyo ndi amene amagula feteleza ndi kulipirira adzukulu sukulu. Choncho mkangano umadzera njira zina. Umadzera kwa mlongo wake amene amatumiziridwa uthenga pa WhatsApp, kwa amalume, kwa ankhoswe. Umadzera pa mbale imene mwana wapakuliridwa, pa foni imene ikuitana osayankhidwa, pa ndalama ya Mpamba kapena Airtel Money imene yalowa koma palibe amene waimba kunena kuti yafika. Zonsezi n'zooneka ndi maso, ndipo kamera inapangidwira zimenezi.

Ntchito imayambira papepala, kamera isanatuluke m'chikwama. Wolemba ayenera kudziwa chenicheni chimene chinachitika, tsiku lake ndi mtengo wake, ngakhale kuti ochita sewero sadzachitchula. Kungolemba kuti “pali kusamvana” sikukwanira. Wochita sewero amene wauzidwa zokhazo amangotupitsa nkhope basi. Mafunso ndi atatu: chinachitika n'chiyani, aliyense wa awiriwa akukhulupirira zotani za chinthucho, ndipo n'chiyani chikumutseka pakamwa. Funso lachitatuli ndi limene ambiri amalidumpha, ndipo akalidumpha owonera salakwa kufunsa kuti, nanga bwanji osangokhala pansi n'kukambirana?

Nachi chitsanzo chongopeka. Mwana akugwira ntchito ku Joni. Bambo ake atagonekedwa m'chipatala, iye anachedwa kutumiza ndalama milungu iwiri chifukwa anali atangolipira za chinkhoswe chake, ndipo ndalamayo inafika bambowo atatsikira kale kulichete. Mayi akudziwa komwe ndalama inalowera, poti mwana wawo wamkazi anawaonetsa zithunzi pa foni. Koma mayiwo nawo, pofuna kugula bokosi ndi chimanga chodyetsa anthu pamaliro, anagulitsa malata 30 amene mwanayo anawasungitsa kuti adzafolere nyumba yake, ndipo sanamuuze. Tsopano mwana wabwera kwa masiku 6 kudzamanga chiliza. Aliyense ali ndi mlandu wake, ndipo aliyense akudziwa kuti akangoputa wa mnzake, wakenso uvundukuka. Kukhala chete kotereku kuli ndi maziko. Masiku 6 aja nawo ali ndi ntchito: basi yobwerera ili ndi tsiku lake, ndiye owonera amawerenga nawo masiku otsala.

Musanapitirire, sankhani malo, chifukwa kusemphana kwa mayi ndi mwana wamwamuna sikufanana dziko lonse. Kumene kuli chikamwini, monga m'midzi yambiri ya ku Dedza, Zomba kapena Mulanje, mwana wamwamuna akakwatira amakamanga kwa mkazi, munda umatsala ndi alongo ake, ndipo chowawa cha mayi n'chakuti thukuta la mwana wawo likudyedwa kwa eni. Mwana yemweyo ndi mwinimbumba amene akuyembekezeka kuyang'anira ana a alongo ake, ndiye amakokedwa uku ndi uku. Ku Mzimba, Rumphi kapena Nsanje, kumene amalowola, mkazi ndi amene amabwera pakhomo, ndipo kukhulana kumakhala kwa tsiku ndi tsiku: ndani akupakulira mwamunayo, ndani akutapa m'nkhokwe. M'tauni, ku Ndirande kapena ku Kawale, nkhani imakonda kukhala ya nyumba imene bambo anasiya, makamaka poti lamulo la chuma chamasiye la 2011 limapatsa gawo mkazi wamasiye ndi ana omwe, kotero mayi ndi mwana amapezeka ali eni a denga limodzi. Mukasakaniza zitatuzi, owonera amazindikira msanga kuti wolemba sakudziwa kwawo kwa anthu ake.

Tinene kuti muli ndi magawo 6 a mphindi 5 lililonse, zonse pamodzi mphindi 30. Mwachizolowezi tsamba limodzi la sikiripiti limatenga pafupifupi mphindi imodzi, koma sewero la mtundu uwu limadya nthawi yambiri kuposa mawu ake, choncho gawo la mphindi 5 lilembedwe masamba 3 kapena 4 okha. Mukadzaza masamba 5 ndi zokambirana, edita adzakakamizika kudula mipata yonse yopumira, chonsecho mipatayo ndi imene yanyamula nkhani. Ngati mukulinga ku YouTube Shorts, kuyambira mu Okutobala 2024 malire ake ndi mphindi 3. Pamenepo gawo limodzi likhale ndi sini imodzi kapena ziwiri basi.

Amene ayesapo njira iyi amakonda kugwa pamalo amodzi: amabisira owonera chinsinsi. Amaganiza kuti akasunga zonse mpaka gawo lomaliza anthu adikira. Sadikira ayi. Munthu amene akuona anthu awiri atangokhala duu, osadziwa chifukwa chake, amatopa msanga n'kupita kwina. Chinsinsi chibisike pakati pa mayi ndi mwana, koma owonera achidziwe msanga. M'gawo loyamba aone malo opanda kanthu kuseri kwa chitseko, pomwe malata anasiya mizere pakhoma, ndipo aone mwana akuyang'anapo. M'gawo lachiwiri amve za ndalama yochedwa ija kuchokera kwa mlongo, ali kumjigo ndi mnzake. Pofika gawo lachitatu owonera akhale akudziwa zambiri kuposa aliyense wa awiriwa. Kuyambira pamenepo ngakhale moni wamba amalemera, chifukwa owonera akumva zimene zili pansi pake.

Gawo lililonse likhale ndi kuyesa kumodzi koyankhula kumene kukulephereka, ndipo kulephera kulikonse kuwononge kanthu kena. Mwana akuyamba kuti “Amayi, paja...” mayi n'kudzambatuka kukathamangitsa nkhuku pa mphale yoyanika. Tsiku lina mayi ndi amene akhala pakhonde kumudikira, iye n'kutulukira ndi anzake awiri. Foni kulira kapena mlendo kuodira pa nthawi yeniyeniyo zikachitika kawiri, owonera amaona dzanja la wolemba. Chosokoneza chabwino ndi chimene mmodzi wa awiriwo wachisankha yekha pothawa nkhani.

Taonani mmene sini ya tsiku lofika ingalembedwere. Mwana wakhala pampando. Mayi akubwera ndi beseni ndi jagi, akugwada pang'ono, akumuthirira madzi m'manja monga amachitira abusa akabwera kudzacheza. Nsima ili m'mbale zosweka za m'kabati, zija zimatuluka pa Khirisimasi, pomwe mbale yake yakale yachitsulo ikuoneka panja pa thandala.

“Mwayenda bwanji, aPhiri?”

“Ndayenda bwino amayi. Kaya kuno?”

“Tilipo. Ndiwo zake ndi zomwezi.”

Mwana akutema nsima, maso ali kuseri kwa chitseko.

“Mwasesa bwino kuseriku.”

“Kunali makoswe.”

Akutulutsa envelopu n'kuiika pafupi ndi mbale. Mayi akuilandira ndi manja awiri, akuthokoza, akuiika pamwamba pa kabati osaitsegula.

Mawu onse sakukwana 20, koma aliyense wokulira kuno wamva kuti mwanayo walandiridwa ngati mlendo m'nyumba imene anabadwira. Mayi amene kale ankati “iwe” n'kumutchula dzina la ubwana, lero akuti “inu” n'kumutchula mfunda. Akumukwapula ndi ulemu. Apa pafunika kusamala. Amayi ambiri amatchula ana awo akuluakulu kuti “inu” mwachikondi, makamaka akakwatira, choncho owonera amve kaye “iwe” uja penapake, mwina mu uthenga wamawu wakale umene mwana akumvetsera ali m'basi, kuti kusinthako kuoneke. Envelopu ija isachoke pa kabati. Ioneke m'gawo lachitatu itatuwa ndi fumbi. Ionekenso m'gawo lachisanu pamene simenti ya chiliza yaperewera matumba awiri, onse akudziwa pamene pali ndalama koma palibe woitchula. Zinthu zotere zisapitirire ziwiri kapena zitatu m'sewero lonse, chifukwa zikachuluka zimaphimbana.

Kamera ili ndi mbali yake. Ojambula athu amathamangitsa woyankhula: mayi akayankhula kamera ili pa mayi, mwana akayankha yalumphira kwa mwana. M'sewero la zosanenedwa, nkhani ili pa nkhope ya womvera. Mayi akamati “kunali makoswe”, tione mwana, ndipo tikhale naye masekondi 3 mpaka 5 tisanadule. Pojambula, dayilekita asafulumire kuimitsa. Awerenge chamumtima mpaka 10 mawu omaliza atatha, chifukwa nkhope yeniyeni imakonda kubwera wosewera akaganiza kuti ntchito yatha. Podula mutha kufupikitsa shoti, kachigawo kojambulidwa kamera osaimitsidwa, koma simungatalikitse chimene simunajambule.

Wosewera safunika kuchita zambiri ndi nkhope. Zaka zoposa 100 zapitazo, Lev Kuleshov, wopanga mafilimu wa ku Russia, anaonetsa anthu nkhope imodzimodzi ya mwamuna atailumikiza ndi mbale ya supu, kenako ndi bokosi la maliro, kenako ndi mkazi. Owonera anaona njala, chisoni ndi chilakolako pa nkhope imene sinasinthe. Mizere ija pakhoma, yotsatidwa ndi nkhope yodekha ya mwana, yamaliza kale ntchito. Wosewera akawonjezapo kupukusa mutu, kuusa moyo ndi kugwira tsaya, wanena chinthu chimodzi kanayi.

Kanema woimirira wa 9:16 ndi wopapatiza, ndipo anthu awiri okhala mbali ndi mbali sakwanamo bwino. Musalimbane nazo. Ikani mmodzi pafupi ndi kamera, wina kumbuyo: mayi ali pamkeka kutsogolo akusankha nyemba, atafulatira mwana amene waima pakhomo. Owonera akuona nkhope zonse ziwiri pomwe eniakewo sakuonana. Khomo, zenera ndi chingwe choyanikapo zovala zimagawa chithunzi popanda kuwononga ndalama. Mtunda wa pakati pawo uyezedwe gawo ndi gawo: mamita 3 tsiku lofika, khoma pakati m'gawo lachitatu, mkeka umodzi kumapeto ngati nkhani ikulola. Shoti zonse za sini imodzi zijambulidwe muli mbali imodzi ya mzere wongoganizira wolumikiza anthu awiriwo. Mukadumpha mzerewo, podula onse adzaoneka akuyang'ana mbali imodzi, ndipo kupewana maso kumene mwakuvutikira kudzasokonekera.

Lenzi yaikulu ya foni imatupitsa mphuno mukayandikira nkhope kwambiri, choncho imani mita imodzi ndi theka n'kugwiritsa ntchito lenzi ya 2x ngati ilipo. Foni ikhale pa choimikira, poti dzanja lonjenjemera limabisa kugwedezeka kwa milomo. Lokani exposure (kuwala kwa chithunzi) ndi focus (pamene chithunzi chikuoneka bwino) pa nkhope kuti foni isazisinthe yokha. Kupanda kutero foni ikaona zenera lowala kumbuyo imadetsa nkhope mpaka maso osaoneka, ndipo sewero lotere likataya maso latha. Khazikani wosewera cham'mbali mwa zenera, mbali inayo mubwezere kuwala ndi nsalu yoyera kapena pepala loyera lolimba. Magetsi athu ndi a 50 Hz, ndiye jambulani mafulemu (zithunzi) 25 pa sekondi ndi shutter (nthawi imene kamera imalowetsa kuwala pa fulemu iliyonse) ya 1/50. Mafoni ambiri amabwera ali pa 30, ndipo pansi pa mababu ena chithunzi chimaphethira.

Koma chimene chimapha masewero oterewa kuposa china chilichonse ndi kajambulidwe ka mawu. Kukhala chete kwa m'sewero kuyenera kumveka m'khutu. Edita akangofufuta phokoso lonse pakati pa ziganizo, owonera amaganiza kuti netiweki yavuta, ndipo pamalo paliponse podula pamamveka kudumpha. Mukamaliza sini iliyonse, anthu onse aime pomwe ali, atseke pakamwa, mujambule masekondi 60 a phokoso la chipindacho, limene ojambula amati room tone. Limenelo ndi limene limayalidwa pansi pa sini yonse. Kenako jambulani padera, maiki ili pafupi, timaphokoso ta pakhomo: chipande chikukanda nkhoko mumphika, madzi akugwera m'beseni, makala akuthetheka pambaula, chigayo chikulira chapatali. Mayi wokwiya amene sakuyankhula amamveka pa mmene akukandira mphika.

Maiki ya pakolala ikhale masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pakamwa, yomatidwa bwino kuti isakhulane ndi nsalu kapena mkanda. Timaiki totchipa topanda waya tambiri timakhala ndi noise reduction, njira yochotsera phokoso lapambali; izimitseni, chifukwa imafufuta kupuma kwa munthu, kumene kuli theka la sini. Mawu okwera asapitirire cha m'ma -12 dB pa mita yoonetsa kukwera kwa mawu. M'nyumba yamalata yopanda siling'i pewani nthawi imene dzuwa lili paliwombo, poti malata akatentha amalira, ndipo m'dzinja mvula ikangoyamba simumvanso kanthu. Sini zamkati zimayenda bwino m'mamawa.

Nyimbo ndiyo yesero lalikulu. Piyano yachisoni ija imene imalowa mayi akangozolika imalamula owonera kuti alire asanadziwe cholirira, ndipo imakwirira timaphokoso tonse tija mwajambula. Yesani lamulo ili: pasakhale nyimbo pamene awiriwa ali m'chipinda chimodzi. Ibwere mmodzi akatsala yekha, kapena ichokere mkati mwa nkhani, monga kwaya ikuphunzira nyimbo kutchalitchi chapafupi. Pomaliza mvetserani gawo lonse pa sipika ya foni yotchipa, osati pa mahedifoni okha, poti ambiri adzalimvera momwemo. Ikaninso mawu olembedwa pansi chifukwa ena amaonera m'minibasi atatseka mawu, koma mulembe zonenedwa zokha, osafotokozera kuti mayi akuganiza zotani.

Mayi wa zaka 55 aseweredwe ndi munthu woyandikira msinkhu umenewo. Mtsikana wothiridwa ufa kumutu amakwanira m'sewero loseketsa, koma pa shoti yapafupi manja ake amamuulula, ndipo kagwiridwe ka mthiko ka munthu amene waphika zaka 40 sikaphunzirika sabata imodzi. M'magulu a amayi a kumpingo ndi m'magulu a zisudzo a m'madera muli anthu otere ambiri amene palibe wawafunsa. Poyeserera, chitani sini katatu. Koyamba anene mokweza zonse za mumtima, akalipirane mmene angafunire. Kachiwiri anene mawu a m'sikiripiti okha, koma akukumbukira zija ananena. Kachitatu apatseni ntchito ya manja, wina kusenda mbatata, wina kukonza tochi, ndipo muwauze kuti ntchitoyo aigwiredi mpaka ithe. Wosewera wopanda chogwira amayamba kusewera ndi nsidze. Malangizo nawo akhale a chochita. Kuuza mayi kuti “asaone kuti mwaiona envelopuyo” kumathandiza kuposa kuwauza kuti “muoneke okhumudwa”.

Sini ya chakudya ija, ngakhale ili ya mphindi imodzi ndi theka, idzafuna shoti zosachepera 5, iliyonse yobwerezedwa katatu kapena kanayi. Nsima imasiya kufuka nthunzi pakangopita mphindi zochepa ndipo imauma pamwamba, choncho phikani yambiri, sungani mitanda m'mbale zotsekera, n'kumasintha pa shoti iliyonse yoonetsa mbale. Pakhale munthu wojambula chithunzi cha mbale shoti iliyonse ikatha. M'sewero la phokoso palibe amene amaona kuti mtanda wakula mwadzidzidzi, koma m'sewero limene mwaphunzitsa owonera kuyang'anitsitsa mbale, aliyense aona.

Otsutsa alipo, ndipo mfundo yawo n'jomveka. Anena kuti kanema wa kukuwa ndi amene anthu amagawana, ndipo munthu wogula bandulo ya tsiku limodzi alibe nthawi yoonera mayi akusankha nyemba. Mbali ina akunena zoona: masekondi oyambirira ayenera kumugwira munthu. Choncho gawo lisayambe ndi dzina la kampani, kapena munthu akuyenda kuchokera pamsewu mpaka pakhomo. Liyambe mwana ali kale kuseri kwa chitseko, akupapasa khoma. Koma sewero la magawo limadalira anthu obwerera mawa, ndipo munthu amabwerera pamene pali mawu amene akudikira kuti anenedwe. Kukuwa kwa m'gawo loyamba kuli ngati kuvundukula mpunga nthunzi isanaugwire. Komanso nkhani imene onse awiri ali ndi mlandu imagawa owonera, ena kuikira kumbuyo mayi, ena mwana, ndipo anthu akayamba kutsutsana amaitana anzawo kuti adzaone okha.

Sindikunena kuti asaphulike konse. Aphulike kamodzi, cha m'gawo lachisanu, mwachidule, ndipo pa chinthu chaching'ono: kalembedwe ka dzina la bambo pa chiliza, kapena amene wasiya khola la mbuzi losatseka. Anthu osunga zinthu mumtima amakonda kukalipira chapambali, kusiya chenichenicho. Chiganizo chimodzi chokha chikhudze nkhani yeniyeni, monga mayi kunena kuti “bambo anu anafunsa kawiri ngati mwaimba”, kenako abwerere ku mphika wawo.

Pali njira ziwiri zachidule zimene ndikupempha kuti tizisiye. Yoyamba n'kusandutsa mkazi wa mwanayo chilombo kuti mayi ndi mwana agwirizane pomuda. Zimenezo zimachotsa mlandu pa anthu awiri amene sewero likunena. Yachiwiri ndi yoopsa: kuulula kumapeto kuti mayiyo ndi mfiti imene yakhala ikulodza mwana wake. M'dziko lino okalamba amaphedwa chifukwa cha mawu amenewo. Mu Januwale 2016 okalamba anayi anaphedwa ku Neno atanenedwa kuti ndi amene anachititsa imfa ya mtsikana wowombedwa ndi mphenzi, ndipo lamulo la 1911 lokhudza ufiti limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Kanema wophunzitsa anthu masauzande kuti mayi wokalamba wosayankhulayankhula akubisa nyanga akusonkhezera moto umene ukupsereza agogo enieni m'midzi. Wolemba amene wamanga bwino chifukwa chimene mayi akhalira chete safunika ufiti kuti amalize nkhani.

Gawo lomaliza lisaperekedwe kwa abusa, amfumu kapena amalume kuti adzalalikire phunziro kwa mphindi zitatu. Chomaliza chichokere kwa awiriwo, ndipo chikhale chochita chimene chikumutayitsa munthu kanthu: mwana kugula matumba awiri a simenti aja ndi ndalama yake ya basi, kapena mayi kutsegula envelopu pamaso pake n'kuwerenga ndalamazo. Sikofunika kuti akhululukirane zonse. Mabanja ambiri amangofika pomwe angadyerenso mbale imodzi, ndipo owonera amazidziwa zimenezo.

Musanatulutse sewero, onetsani magawo awiri oyamba kwa anthu 5 amene sanawerenge sikiripiti, pakhale mayi mmodzi wachikulire ndi mnyamata mmodzi. Musawafunse ngati lawasangalatsa, chifukwa adzakuyankhani mwaulemu. Afunseni kuti awiriwa alakwirana chiyani, ndani akudziwa chiyani, ndiponso ndi pati pamene anafuna kusiya kuonera. Atatu akalephera funso loyamba, musawonjezere mawu pakamwa pa mayi. Bwererani mukajambule khoma lija moyandikira, kapena mutalikitse sini ya kumjigo. Akaloza malo amodzi pa funso lachitatu, dulani masekondi 2 pa shoti iliyonse ya pamalopo n'kuwaonetsanso.